Zomangamanga mu Mzinda wa Zomba: Chilolezo Choyamba, Maziko Pambuyo

Chidziwitso ichi chikupita kwa anthu okhala mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, makamaka eni malo, eni nyumba za lendi, amalonda, mipingo ndi makontilakitala. Cholinga chake ndi kufotokoza ntchito zomangamanga zomwe zakhala zikusintha maonekedwe a mzindawu, komanso chifukwa chomwe malamulo amafunira kuti aliyense atenge chilolezo asanakumbe maziko. Mzinda wa Zomba udakhala pakati pa phiri ndi mtsinje. Pachifukwa ichi, nyumba yomangidwa pamalo olakwika imaika pachiswe miyoyo ya ogonamo, ndiponso ya anansi okhala kumunsi kwake omwe sadafunsidwe n'komwe pomwe ntchitoyo inkayamba.

Mzinda womwe udayalidwira anthu ochepa

Zomba ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri m'dziko muno. Nyumba yomwe lero ikudziwika kuti Hotel Masongola idamangidwa cha m'ma 1886 kuti muzikhala kazembe wa dziko la Britain, ndipo mu 1891 Harry Johnston adakhazikitsa likulu la boma la atsamunda pa Zomba. Likululo lidakhalapo mpaka 1975 pomwe lidasamukira ku Lilongwe, koma Nyumba ya Malamulo idatsalira mpaka 1994. Atsamunda adayala mzindawu molingana ndi zofuna zawo. Nyumba za akuluakulu a boma zidali m'tsinde mwa phiri, kozizira bwino, pamapuloti akuluakulu odzaza mitengo. Masitolo ndi msika zidali m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo anthu wamba adakankhidwira kumunsi, kulowera ku Likangala. Misewu, ngalande ndi mipope ya madzi zidayezedwa poganizira anthu owerengeka.

Likulu litachoka, ambiri adayesa kuti Zomba yagona tulo. Sizidatero, chifukwa mu 1973 Chancellor College idali itasamuka kale ku Chichiri mumzinda wa Blantyre n'kudzakhazikika ku Chirunga. Maofesi ena a boma nawo ali ku Zomba mpaka lero: ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, nkhokwe ya zolemba zakale ya National Archives, bungwe loona za mayeso la MANEB, malo osindikizira mabuku a boma, ndi nthambi zofufuza za miyala ndi za nkhalango. Kulinso asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, chipatala chachikulu cha Zomba ndi chipatala cha odwala matenda a maganizo. Mu 2008 Zomba idakwezedwa kukhala mzinda, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 105,013 okhala mumzindamo. Anthu onsewa akudalira ngalande ndi misewu yomwe mbali yake yaikulu idalinganizidwa m'nthawi ya agogo awo.

Yunivesite ndi zomwe imakoka

Gwero lalikulu la zomangamanga za masiku ano ku Zomba ndi yunivesite. Kuyambira mu May 2021, pomwe makoleji a University of Malawi adagawikana n'kukhala mayunivesite oima paokha, sukulu ya ku Chirunga ndiyo idatsala ndi dzina la University of Malawi. Ngakhale kugawikanako kusanachitike, pasukulupa padali patayamba kale kuoneka nyumba zatsopano. Pulojekiti ya HEST, yothandizidwa ndi African Development Bank, idamanga nyumba zophunziriramo sayansi ndi luso la makompyuta. Banki Yaikulu Padziko Lonse idathandizapo pomanga zipinda zophunziriramo, ndipo pulojekiti ya SAVE, yomwe bankiyi idavomereza mu 2021, cholinga chake china ndi kuonjezera malo a ophunzira m'mayunivesite a boma, kuphatikizapo ya ku Zomba. Chakumpoto kwa mzinda, koleji yophunzitsa aphunzitsi ya Domasi idakulitsidwa ndi thandizo la boma la Japan.

Zonsezi n'zofunika, ndipo dziko likuyembekezera zambiri kwa achinyamata ophunzira m'nyumbazi. Koma walira mvula walira matope. Zipinda zophunziriramo zachuluka mofulumira kuposa zipinda zogonamo. Mahositelo a pasukulu adamangidwa m'masiku omwe wophunzira aliyense ankapatsidwa bedi ndi chakudya, ndipo lero amakwana gawo lochepa chabe la ophunzira. Otsalawo, omwe ndi ochuluka, amafuna malo ogona kunja kwa sukulu: ku Chikanda makamaka, komanso ku Matawale, Kalimbuka, Ndola, Mulunguzi ndi madera ena komwe munthu angafike wapansi kapena pa kabaza.

Apa ndi pomwe pagona ntchito yomanga yambiri ya mumzindawu. Sikhala ndi chikwangwani cha boma kapena mwambo woyala mwala wa maziko. Mwini nyumba ya zipinda zitatu amaonjezera zina zisanu kuseri, khitchini amaisandutsa chipinda chogona, kenaka pabwalo pomwe ankayanikapo zovala amamangapo mdadada wina. Palibe cholakwika kuti munthu apeze phindu pamalo ake, ndipo kunena zoona, popanda eni nyumbawa ophunzira ambiri sakadapeza pogona. Vuto limabwera pamene puloti yomwe idayezedwera banja limodzi ikusunga anthu makumi atatu, koma chimbudzi n'chimodzi chomwe chija, dzenje la zonyansa lomwe lija, ndipo waya wa magetsi woyenera mababu ochepa tsopano akunyamula mbaula ndi masimbi m'chipinda chilichonse. Mazenera amatsekedwa ndi zitsulo poopa akuba, khomo lotulukira n'kukhala limodzi. Moto utabuka usiku m'nyumba yotere, ogona kuzipinda za kumapeto alibe kothawira.

Pachifukwa ichi, lamulo loona za kayalidwe ka malo la Physical Planning Act la 2016 silitchula nyumba zatsopano zokha. Kuonjezera zipinda, kugawa puloti, kapena kusintha ntchito ya nyumba, monga kusandutsa nyumba ya banja kukhala hositelo, sitolo kapena malo ogona alendo, zonsezi zimafuna chilolezo cha komiti yoona za mapulani. Komitiyo imaona ngati malo akukwana, ngati zimbudzi ndi mabafa zikulingana ndi chiwerengero cha anthu, ngati mpweya ndi kuwala zikulowa, ngati pali njira yothawira pangozi, ndiponso ngati galimoto yozimitsa moto kapena ambulansi ingafike pakhomo. Nyumba zolandira anthu ambiri ziyeneranso kuganizira anthu a ulumali, pakuti nawo ali pakati pa ophunzira ofuna malo ogona.

Misewu ndi bwalo la zamasewero

Ntchito zikuluzikulu za boma nazo zasintha mzindawu. Msewu wa M3 wochoka ku Blantyre udamangidwanso ndi thandizo la African Development Bank, ndipo msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, womwe udatenga zaka zambiri kuti uthe, udalumikiza mzindawu ndi madera a ulimi a ku Phalombe ndi Mulanje. Gawo la M3 lochoka ku Matawale kukafika ku Liwonde lidaikidwa m'pulojekiti ya misewu ndi malonda yothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse. Pamalo pomwe padali bwalo la Community Centre, ntchito yomanga bwalo lamakono la zamasewero idayamba mu 2017, ndipo idatenga nthawi yaitali kuposa momwe anthu a ku Zomba ankayembekezera.

Msewu wabwino umakweza mtengo wa malo, ndipo umakopa anthu kumanga mashopu ndi mipanda m'mphepete mwenimweni mwa phula. Anthu akukumbutsidwa kuti msewu uli ndi malo ake opitirira pomwe pathera phula. Pamisewu ikuluikulu monga M3, malowa nthawi zambiri amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. M'menemo ndi momwe mumadutsa ngalande, mipope ya madzi, mawaya a magetsi ndi njira za oyenda pansi. Womanga m'malo amenewa asadabwe akauzidwa kuti agwetse yekha zomwe wamanga.

Phiri, mvula ndi napolo

Mzinda wa Zomba uli pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere, pomwe nsonga za phiri, monga Malumbe, zimapitirira mamita 2,000. Kusiyana kumeneku kuli pamtunda waufupi kwambiri. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amatsika ndi liwiro kudzera mu Mulunguzi ndi m'makwawa ang'onoang'ono ambirimbiri omwe m'chilimwe amaoneka ngati njira za mbuzi. Onsewo amakathira mu Likangala kapena m'mitsinje ina yolowera kunyanja ya Chilwa.

Akuluakulu a ku Zomba amakumbukira kapena adamva za napolo wa mu December 1946. Mvula yamphamvu itagwa mosalekeza, mbali zina za phiri zidagumuka, ndipo madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo adasesa milatho ndi nyumba n'kupha anthu. Makolo ankati ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri chomwe chikusamukira kunyanja. Malemu Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa ku Chancellor College kwa zaka zambiri, adalemba ndakatulo zotchuka pa za napolo yemweyu. Akatswiri a za miyala amafotokoza nkhaniyi mwa njira ina. Dothi la pamalo otsetsereka limakhala pamwamba pa thanthwe. Likamwa madzi kwa masiku angapo limalemera ndi kufewa, ndipo pamalire a dothi ndi thanthwe pamaterera. Pakasowa mizu ya mitengo yoligwira, kapena munthu akadula tsinde la chitunda kuti apeze malo osalala omangapo, dothi lonselo limatha kutsetsereka nthawi imodzi. Kufotokoza kuwiriku kumagwirizana pa mfundo imodzi, yoti chomwe chidadutsa pamalo kamodzi chingathe kudutsaponso. Madzi saiwala khwawa.

Zomwe zidachitika ku Phalombe mu 1991, ndiponso m'phiri la Soche ku Blantyre mu March 2023 pomwe namondwe wa Freddy adagumula matope pa nyumba za ku Chilobwe, ndi ngozi za mtundu womwewu. Boma la Zomba lidali m'gulu la maboma omwe adakhudzidwa ndi Freddy, monganso lidakhudzidwira ndi madzi osefukira a mu January 2015. Lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 lidadza pofuna kuti dziko lizipewa ngozi zisanachitike, m'malo mongothamanga ndi matenti ndi ufa zinthu zitaonongeka kale.

Kwa womanga ku Zomba, izi zikutanthauza zinthu zingapo zogwirika. Puloti ya pamalo otsetsereka imafuna injiniya woona kulimba kwa dothi, maziko oyenera, ndi chipupa chotchinjiriza dothi chokhala ndi mabowo otulutsira madzi. Chipupa chopanda mabowo chimasanduka damu laling'ono, ndipo tsiku lomwe chidzagwe chidzagwera nyumba ya mnansi. Khwawa lodutsa papuloti silitsekedwa kapena kukhotetsedwa popanda chilolezo. Denga lililonse latsopano ndi bwalo lililonse lothiridwa simenti zimachotsa malo omwe madzi akadalowa pansi, motero madzi a mvula amachuluka m'ngalande za kumunsi. Nyumba zikachuluka ku Old Naisi, ku Mulunguzi kapena m'mapiri a ku Sadzi ndi Chinamwali popanda ngalande zokonzedwa bwino, omwe amalandira madziwo ndi anthu a m'zigwa, omwe kawirikawiri ndi amene alibe ndalama zomangiranso. Womanga nyumba yosanja akumbukirenso kuti dziko lino lili m'chigwa chomwe mumachitika zivomezi, monga zidaonekera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009.

M'mphepete mwa Likangala vuto ndi lina. Mtsinjewu umalandira zinyalala za m'misika, madzi a m'zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi gombe, ndi dothi lokokoloka kumalo omangapo. Okumba mchenga, omwe msika wawo wakula chifukwa cha zomangamanga zomwezi, amagumula magombe ndi kufooketsa maziko a milatho. Kumunsi, madzi omwewo ndi omwe alimi a mpunga amathirira, ndipo amakathera m'nyanja ya Chilwa yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse cholowa m'nyanjayi chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba omwe amabwerera kudzagulitsidwa mumsika wa Zomba.

Pamwamba pa phiri

Madzi a m'mipope ya mumzindawu amachokera kudamu la Mulunguzi, lomwe lidamalizidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Popeza damuli lili pamwamba, madzi amatsika okha kupita kumzinda, mwayi womwe mzinda wa Blantyre, wopopa madzi ake kuchokera ku Shire, ulibe. Mwayiwu umadalira nkhalango. Mitengo ikadulidwa mosasamala kapena moto ukatentha tchire, dothi limakokolokera m'damu n'kuchepetsa malo a madzi, ndipo akasupe amauma msanga m'chilimwe.

Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Limakopanso alendo obwera kudzaona mathithi, dzenje la Chingwe, malo oonerapo patali a Emperor's View ndi Queen's View, komanso kudzagona ku Sunbird Ku Chawe. Ofuna kumanga malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wokwera phiri kapena pamwamba penipeni achuluka. Iwowa adziwe kuti malo a m'nkhalango yotetezedwa sagulitsidwa ndi munthu aliyense, ndipo ntchito iliyonse m'menemo imafuna chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Ntchito zikuluzikulu, kaya m'phiri kaya mumzinda, zimafunanso kafukufuku woona momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, malinga ndi lamulo la Environment Management Act la 2017, ndipo bungwe la MEPA ndilo limavomereza kafukufukuyo ntchito isanayambe.

Nkhani ya njerwa ikulowanso pomwepa. Uvuni umodzi wa njerwa umadya mitengo yambiri, ndipo nkhuni zake ku Zomba sizichokera kutali. Malamulo omwe adakhazikitsidwa mu 2018 amaletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Hositelo ndi nyumba yamalonda. Mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zimaoneka zodula pogula, koma zimadya matope ochepa pomanga ndipo khoma limakwera msanga.

Nyumba zakale

Pali chuma china chomwe Zomba ili nacho choposa mizinda ina: nyumba zakale za boma, nyumba yakale ya malamulo, State House, matchalitchi, mzikiti wa pakati pa tauni, masitolo a makhonde a m'mbali mwa msewu waukulu, chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndi munda wa zomera womwe udayambika m'zaka za m'ma 1890. Ena amati nyumbazi ndi zikumbutso za utsamunda ndipo palibe chifukwa chozisungira. Koma adaumba njerwa zake ndi kusenza miyala yake ndi Amalawi, ndipo m'nyumba zomwezi ndi momwe mudakambidwa nkhani za ufulu wa dziko lino. Zambiri mwa izo zatha ndi chiswe ndi kudontha, ndipo zikufunika kukonzedwa. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale limafuna kuti nyumba yotetezedwa isagwetsedwe kapena kusinthidwa popanda chilolezo, ndipo nthambi yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imalangiza za kakonzedwe kake. Mwini nyumba yakale, ngakhale ikhale yakeyake, ndi bwino afunse kaye asanachotse khonde kapena kusintha denga.

Malo ndi a yani, ndipo chilolezo chimatengedwa bwanji

Milandu yambiri ya malo ku Zomba imayamba pogula. Mkati mwa mzinda, malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, bungwe la Malawi Housing Corporation, khonsolo ya mzinda, kapena anthu ndi mabungwe omwe ali ndi zikalata za umwini. Mzindawu udakula n'kumeza midzi yomwe idalipo kale, ndipo mafumu a m'midziyi ndi anthu olemekezeka omwe amathandiza pamaliro, pamilandu ya m'mabanja ndi pachitukuko. Komabe lamulo la mafumu limanena kuti mfumu siigwiritsa ntchito mphamvu zake mkati mwa mzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo. Choncho kalata ya mfumu kapena pepala losainirana pamaso pa mboni sizikwanira kukhala umboni woti malowo ndi oyenera kumangapo. Zimachitika kuti puloti imodzi yagulitsidwa kwa anthu awiri, kapena kuti malo ogulidwawo adasungidwira msewu, sukulu kapena manda. Wogula ayenera kukafufuza kuofesi ya za malo ndi kukhonsolo asanapereke ndalama.

Malo akatsimikizika, womanga amapeza katswiri wovomerezeka woti ajambule mapulani, oonetsa nyumbayo, malire a puloti, kolowera, komwe kudzapite madzi a mvula ndi komwe kudzapite zonyansa. Mapulaniwo amaperekedwa kukhonsolo ya mzinda wa Zomba pamodzi ndi umboni wa umwini wa malo ndi ndalama zolipirira, zomwe ziyenera kulipidwa kuofesi ndi kulandirirapo lisiti. Akatswiri a zaumoyo, zamisewu, zamadzi ndi zozimitsa moto amaunika mapulaniwo, kenaka komiti imavomereza, imakana, kapena imavomereza ndi mfundo zoti zitsatidwe. Wokanidwa ali ndi ufulu wouzidwa zifukwa ndi wochita apilo. Ntchito ikayamba, oyendera nyumba amabwera kudzaona magawo ofunika monga maziko, ndipo nyumba yolandira anthu ambiri siyenera kulowedwa isanayenderedwe komaliza. Kontilakitala wolembedwa ntchito akhale wolembetsedwa kubungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno.

Anthu ena amadandaula kuti ndondomekoyi imachedwa, ndipo dandaulo lotere liyenera kumvedwa. Wopereka mapulani ali ndi ufulu wofunsa pomwe pafika pempho lake, ndipo wogwira ntchito m'boma kapena kukhonsolo wopempha kangachepe kuti afulumizitse pepala akuphwanya lamulo ndipo akanenedwe kubungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Koma kuchedwa kwa yankho sikusanduka chilolezo. Womanga popanda chilolezo angathe kulandira kalata yoimitsa ntchito, kulipitsidwa chindapusa, kapena kulamulidwa kugwetsa nyumbayo ndi ndalama zake zomwe.

Pomwe boma lifuna malo a munthu kuti pamangidwe msewu, sukulu kapena ntchito ina yothandiza anthu onse, malamulo amafuna kuti mwini malo adziwitsidwe, katundu wake awerengedwe ndi akatswiri oyeza mtengo, ndipo alandire chipukutamisozi choyenera. Amene ali ndi zikalata ndi mapulani ovomerezeka savutika kutsimikiza zomwe wataya. Amene adamanga m'malo a msewu kapena pamalo a boma popanda chilolezo amakhala pamavuto, chifukwa lamulo silimuona ngati mwini malo.

Eni nyumba omwe adaonjezera kale zipinda kapena kusandutsa nyumba zawo kukhala mahositelo popanda chilolezo akulimbikitsidwa kupita okha kunthambi ya mapulani kukhonsolo ya mzinda, atatenga zikalata za malo ndi chojambula cha momwe nyumbayo ilili tsopano, kuti akalangizidwe zoyenera kukonza. Makolo ndi ophunzira ofuna malo ogona ali ndi ufulu wofunsa mwini nyumba ngati nyumbayo idavomerezedwa, ndi kuona okha zimbudzi, mawaya a magetsi ndi makomo otulukira asanalipire. Mvula ku Zomba imayamba cha mu November, choncho ngalande za papuloti, makalavati a pakhomo ndi zipupa zotchinjiriza dothi ziyenera kuyenderedwa ndi kukonzedwa mwezi wa October usanathe.